Arvo Pärt, Mkulu wa ku Estonia Amene Anaphunzira Nyimbo Kawiri

Anthu ambiri akamva nyimbo za a Arvo Pärt kwa nthawi yoyamba amati ndi nyimbo zoziziritsa mtima, zoyenera kumvera munthu akatopa kapena akasowa tulo, ndipo ena amafika ponena kuti aliyense wodziwa kuimba piyano ndi zala ziwiri angathe kupeka zoterozo. Maganizo amenewa ine sindigwirizana nawo. Kufewa kumene kumamveka m'nyimbo za mkuluyu sikunabwere chifukwa cha kuchepa kwa luso. Atafika pachimake pa luso la nthawi yawo, dzina lawo litamveka kale pakati pa opeka nyimbo a Soviet Union, iwo analisiya dala lusolo n'kuyambiranso pansi ngati mwana woyamba kumene sukulu, ali ndi zaka zoposa 30.

A Pärt anabadwa pa 11 Seputembala 1935 m'tauni ya Paide ku Estonia, dziko laling'ono la m'mphepete mwa nyanja ya Baltic limene anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 1.3 miliyoni. Makolo awo atasiyana ukwati, iwo anakulira m'tauni ya Rakvere ndi mayi awo pamodzi ndi bambo owapeza. Ubwana wawo unakumana ndi nkhondo, chifukwa asilikali a Soviet Union analanda Estonia mu 1940, a Germany anawathamangitsa mu 1941, kenaka a Soviet Union anabweranso mu 1944 ndipo dzikolo linakhala pansi pa ulamuliro wawo mpaka 1991. M'nyumba mwawo munali piyano yakale imene makiyi ake apakati anali owonongeka, motero mnyamatayo ankangoimba makiyi a m'mbali, a mawu okwera kwambiri ndi otsika kwambiri. Olemba mbiri amakonda kunena kuti piyano imeneyi ndiyo gwero la kamvekedwe ka nyimbo zimene zinawatchukitsa, koma ine ndimaona kuti uku n'kukometsera nkhani chabe, popeza pakati pa piyanoyo ndi nyimbozo panadutsa zaka zambiri za nyimbo za mtundu wina kotheratu.

Mu 1954 anapita ku Tallinn, likulu la dzikolo, kukaphunzira nyimbo, koma posakhalitsa anaitanidwa ku usilikali, kumene ankaimba oboe ndi ng'oma m'bandi ya asilikali. Atabwerako analowa sukulu ya ukachenjede ya Tallinn Conservatory mu 1957, n'kumaliza mu 1963, ndipo mphunzitsi wawo anali a Heino Eller, amene anasula opeka nyimbo ambiri a ku Estonia. Akuphunzira choncho, ankagwiranso ntchito yojambula mawu ku wayilesi ya dzikolo mpaka 1967. Ngati pali chinthu cha pa unyamata wawo chimene chimamvekadi m'nyimbo zawo za m'tsogolo, ndi ntchito ya ku wayilesiyi. Munthu amene wakhala zaka pafupifupi 10 akutchera khutu kuti amve mmene mawu amayambira, mmene amakhalira m'chipinda ndiponso mmene amazilalira, sangaone kutha kwa notsi ngati kanthu kakang'ono.

Nyimbo yoyamba imene inawaika m'mavuto inali Nekrolog ya mu 1960. Iyi inali nyimbo yoyamba ku Estonia kupekedwa motsatira njira imene a Arnold Schoenberg a ku Austria anayambitsa m'zaka za m'ma 1920, yakuti wopeka asanje manotsi onse 12, a makiyi oyera ndi akuda omwe, m'ndandanda umodzi, ndipo onsewo akhale ofanana mphamvu. Zotsatira zake n'zakuti khutu silipeza “do” wobwererako kukapumira. Akuluakulu a boma la chikomyunizimu ankaiona njira imeneyi ngati matenda ochokera ku mayiko a kuzambwe kwa Ulaya, ndipo mu 1962 a Tikhon Khrennikov, mkulu wa bungwe la opeka nyimbo a Soviet Union, anaidzudzula Nekrolog poyera. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho a Pärt analandira mphoto yoyamba ku Moscow pa mpikisano wa opeka nyimbo achinyamata, ndipo imodzi mwa nyimbo zimene anapambanira inali Meie aed, ya kwaya ya ana, yokamba za munda wa pa sukulu. Boma limodzi lomwelo linkawapatsa mphoto ndi dzanja ili n'kumawakwapula ndi dzanja linali.

M'zaka zotsatira anapeka symphony (nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zipangizo) yoyamba mu 1963 ndi yachiwiri mu 1966, komanso Collage über BACH mu 1964, ndipo m'nyimbo zingapo za nthawi imeneyi muli chinthu chimodzi chimene chimabwerabwera. Iwo ankatenga kachigawo ka nyimbo yakale yokoma, kawirikawiri ya a Johann Sebastian Bach, n'kukaika pakati pa phokoso lowawa m'khutu, kuti ziwirizo zilimbane. Kulimbana kumeneku kunafika pamapeto mu Credo, nyimbo ya piyano, kwaya ndi orchestra (gulu lalikulu la zipangizo zoimbira) imene inaimbidwa koyamba ku Tallinn mu Novembala 1968 motsogozedwa ndi a Neeme Järvi. Kwaya imayamba ndi mawu a Chilatini akuti “Credo in Jesum Christum”, kuvomereza chikhulupiriro mwa Yesu Khristu, ndipo piyano imalowa ndi kanyimbo kodziwika ka a Bach ka mu C major. Kenaka pamabwera mawu a pa Mateyu 5, akuti diso kulipa diso ndi dzino kulipa dzino, ndipo manotsi amaunjikana pang'onopang'ono mpaka zipangizo zonse zikungolira chisokonezo, oimba akukuwa. Phokosolo likafika posapiririka, kanyimbo ka a Bach kamatulukiranso pansi pake, kwaya ikuimba mawu a Yesu oletsa kubwezera choipa. Anthu amene anali m'holoyo anaomba m'manja mpaka nyimboyo inabwerezedwa usiku womwewo. Chimene chinakwiyitsa boma sichinali phokosolo ayi, koma mawu oyambawo, chifukwa dzikolo linali lokana zoti kuli Mulungu. Credo sinaloledwenso kuimbidwa kwa zaka zoposa 10.

Apa m'pamene panayambira zaka pafupifupi 8 zimene anthu amati a Pärt anakhala chete. Nkhaniyi imafotokozedwa kawirikawiri ngati kuti boma ndilo linawatseka pakamwa, koma zimenezo ndi mbali chabe. Vuto lalikulu linali mwa iwo eni. Mu Credo mbali yokoma inali ya a Bach, pamene mbali yawoyawo inali yachisokonezo ija, ndipo wopeka nyimbo amene wazindikira kuti chokoma chilichonse m'nyimbo zake n'chobwereka kwa munthu amene anamwalira mu 1750 amasowa mtengo wogwira. Iwo amasimba kuti tsiku lina anamva kachigawo kakafupi ka nyimbo za Gregorian chant, zimene amonke a Tchalitchi cha Katolika ankaimba ndi liwu limodzi popanda chipangizo chilichonse, ndipo anazindikira kuti mzere umodzi wa manotsi ungathe kunyamula zonse zimene iwo ankazifunafuna ndi orchestra yathunthu. Anayamba kuwerenga nyimbo zimenezi, pamodzi ndi za opeka akale monga Guillaume de Machaut, Johannes Ockeghem ndi Josquin des Prez, ndipo anadzaza makope ambirimbiri ndi mizere ya liwu limodzi, tsiku ndi tsiku, nthawi zina atawerenga kaye salimo. Mizere imeneyi sinali yoti ikaimbidwe pagulu. Inali yophunzitsira dzanja ndi khutu kuyenda kuchoka pa notsi ina kupita pa inzake popanda kudzionetsera.

Sikuti m'zaka zimenezi sanalembe kanthu n'komwe. Symphony yachitatu ya mu 1971 inatuluka nthawi imeneyi, ndipo banja ankalidyetsa ndi nyimbo za m'mafilimu. Mu 1972 anakwatira mayi Nora, amene akhala mlangizi wawo wamkulu pa ntchito yonse, ndipo m'chaka chomwecho analowa Tchalitchi cha Orthodox, ngakhale kuti anabatizidwa ku Lutheran ali mwana.

Yankho linabwera mu 1976 m'kanyimbo ka piyano kotchedwa Für Alina, kamene kamatha mphindi ziwiri kapena zitatu ndipo kanalembedwera mwana wamkazi wa mnzawo wa banjalo amene anapita kukakhala ku England. Ukayang'ana pepala lake umangoona timadontho takuda topanda michira, tochepa kwambiri, ngati ntchito ya wophunzira. Woimba amayamba ndi notsi ya B yotsika kwambiri, n'kuisiya ikulira ataponda pedulo. Kenaka manja awiri amayendera limodzi pamwamba, ndipo kachigawo kalikonse kamaposa kanzake ndi notsi imodzi mpaka kufika pachimake, pambuyo pake tizigawoto timafupikanso mwa dongosolo lomwelo. Dzanja lamanzere limangogwira manotsi atatu a B minor, kupatula malo amodzi okha pamene limatuluka m'lamuloli n'kugwira C sharp, pedulo n'kumasulidwa. Pamalo amenewo a Pärt anajambulapo kaduwa.

Njira imeneyi anaitcha tintinnabuli, kuchokera ku dzina la Chilatini la timabelu, ndipo aliyense amene anaimbapo m'kwaya ya manotsi a do re mi angathe kuimvetsa msanga. Pamakhala mawu awiri. Liwu loyamba limayenda pang'onopang'ono, kukwera kapena kutsika sitepe imodzi imodzi, monga do, re, mi, fa. Liwu lachiwiri sililoledwa kuimba notsi ina iliyonse koma do, mi ndi so basi, kapena la, do ndi mi ngati nyimboyo ili ya minor, ndipo wopeka amasankhiratu lamulo lakuti pa notsi iliyonse ya liwu loyamba, lachiwirilo litenge notsi yoyandikana nayo ya pamwamba, kapena ya pansi, kapena lizisinthanitsa. Lamulolo likakhazikitsidwa, wopekayo salowereraponso. Liwu loyamba likafika pa fa pamene lachiwiri lili pa mi, mawuwo amagundana ndipo khutu limamva kuwawa, koma kuwawako sikukhalitsa chifukwa sitepe yotsatira imakumasula. N'chifukwa chake nyimbo zimenezi sizili zotsekemera monga ambiri amaganizira, popeza kugundana kwa mawu kumapezeka paliponse m'kati mwake. A Pärt anafotokozapo kuti liwu loyendalo amaliona ngati munthu ndi machimo ake ndi masautso ake, pamene liwu la manotsi atatulo ndi chikhululukiro chimene sichimusiya. Kaya munthu ndi wokhulupirira kapena ayi, mfundo yofunika kwa ine ndi yakuti wopeka amene ankatsatira malamulo okhwima a manotsi 12 sanathawe malamulo. Anapeza lamulo lina lokhwima chimodzimodzi limene zipatso zake khutu lingathe kuzilandira.

Chaka cha 1977 chinali cha zokolola, pakuti Fratres, Summa, Tabula Rasa ndi Cantus in Memoriam Benjamin Britten zonse zinatuluka m'chaka chimenechi. Pa zonsezi, imene imandionetsa bwino mphamvu ya njirayi ndi Cantus. A Britten, wopeka nyimbo wa ku England, anamwalira mu Disembala 1976, nthawi imene a Pärt anali atangoyamba kumvetsa nyimbo zawo ndipo ankalakalaka kukumana nawo. Nyimboyi ndi ya zipangizo za nsambo ndi belu limodzi. Papepala imayamba ndi chete wolembedwa, amene wotsogolera ayenera kumuwerengera ngati nyimbo, kenaka belu limalira katatu motsitsa. Mavayolini oyamba amalowa pamwamba penipeni n'kuyamba kutsika makwerero a A minor, koma satsika ulendo umodzi. Amaimba la, n'kubwerera kukaimba la so, n'kubwereranso kukaimba la so fa, ulendo uliwonse kuonjezera sitepe imodzi. Gulu lachiwiri limaimba zomwezo motsikirapo ndiponso mochedwa kawiri, lachitatu mochedwa kanayi, mpaka zipangizo zazikulu za besi zimene zimayenda mochedwa ka 16. Kupatula liwu la manotsi atatu lija limene limatsagana ndi mizereyi, palibenso zambiri zimene zinalembedwa, koma zimene zimamveka ndi chisoni chotsika mosalekeza kwa mphindi 6 kapena 7, chikukulirakulira mpaka magulu onse atakumana pa manotsi a A minor olira pamodzi. Belu lomaliza limaimbidwa pamene nsambo zili pa mphamvu yake yonse, moti kugunda kwake sukumva, umangomva kulira kwake nsambozo zitaleka.

Tabula Rasa inaimbidwa koyamba ku Tallinn pa 30 Seputembala 1977, a Gidon Kremer ndi a Tatjana Grindenko ali pa vayolini, ndipo a Alfred Schnittke, amenenso anali wopeka nyimbo wotchuka, ali pa piyano imene nsambo zake zinapanikizidwa ndi tizitsulo kuti izilira ngati mabelu osweka. Akuti oimbawo ataona mapepala koyamba anafunsa kuti nyimboyo ili pati. Spiegel im Spiegel, imene lero imadziwika kuposa zonse, inatsatira mu 1978.

Kutchuka kwawo kunja kunawonjezera udani ndi akuluakulu a kwawo, amene ankawaletsa maulendo okamvera nyimbo zawo zomwe. Mu 1979 a Pärt anaimirira pa msonkhano wa bungwe la opeka nyimbo atavala wigi ya tsitsi lalitali n'kulankhula mawu onyogodola, ndipo zitatero zinaonekeratu kuti malo awo m'dzikolo atha. Mu Januwale 1980 anachoka pa sitima ya pamtunda ndi mkazi wawo ndi ana awo aamuna awiri. Anakhala kaye ku Vienna, kumene kampani yosindikiza nyimbo ya Universal Edition inawalandira ndipo anapeza unzika wa Austria, kenaka mu 1981 anasamukira ku West Berlin, mzinda umene unakhala kwawo kwa zaka pafupifupi 30. A Manfred Eicher, mwini kampani yojambula nyimbo ya ECM imene inkadziwika ndi jazi, anamva Tabula Rasa pa wayilesi akuyendetsa galimoto ndipo anaima pambali pa msewu kuti amvetsere bwino. Chimbale cha dzina lomwelo chinatuluka mu 1984, a Keith Jarrett akuimba piyano mu Fratres pamodzi ndi a Kremer, ndipo ndicho chinatsegulira a Pärt makomo a dziko lonse, ngakhale kwa anthu amene sanalowepo m'holo ya nyimbo za classical.

Komabe mtima wa ntchito yawo, monga ndimaonera ine, suli m'nyimbo za zipangizo zimene zinawatchukitsazi, koma m'nyimbo za kwaya. Ku Soviet Union ankabisa mawu opatulika pansi pa mitu yosaonetsa kanthu, monga Summa imene kwenikweni ndi Chikhulupiriro cha Nicaea, koma atatuluka anayamba kulemba poyera. Passio ya mu 1982 ndi nkhani ya masautso a Yesu yochokera pa Yohane 18 ndi 19 m'Chilatini, ndipo imatha kupitirira ola limodzi. M'nyimbo imeneyi a Pärt anapereka ulamuliro kwa malemba enieniwo. Kuchuluka kwa maphatikizo a liwu lililonse ndiko kumalamula kuti mzere uyende masitepe angati, ndipo zizindikiro za m'kalembedwe, monga mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro, ndizo zimalamula kutalika kwa manotsi ndi kwa chete wotsatira. Yesu amaimbidwa ndi besi mochedwa kuposa wina aliyense, Pilato ndi tenala, ndipo wosimba nkhani si munthu mmodzi koma oimba anayi pamodzi ndi zipangizo zinayi. Opeka ena akafika pa kukwapulidwa kapena pa mtanda amakweza mawu kuti omvera alire, koma mu Passio mulibe zimenezo. Nkhani imangoyenda mwa dongosolo lake, ndipo pemphero lomaliza likatseguka mwadzidzidzi mu D major, kulemera kwake kumachokera pa ola lonse lodziletsa lija. Te Deum, Stabat Mater ya mu 1985, Magnificat ndi Miserere za mu 1989, komanso Kanon Pokajanen ya mu 1997, nyimbo yaitali ya kulapa ya m'Chisilavo cha m'tchalitchi imene inalembedwera chikondwerero cha zaka 750 za tchalitchi chachikulu cha ku Cologne, zonse zimayenda m'njira yomweyo yomvera malemba. Oimba a Hilliard Ensemble pamodzi ndi a Paul Hillier, komanso a Tõnu Kaljuste ndi Estonian Philharmonic Chamber Choir, ndiwo anaphunzitsa dziko kaimbidwe kake.

Ndevu zawo zazitali ndi kusakonda kwawo kulankhula ndi atolankhani zinachititsa kuti anthu aziwaona ngati mmonke wosadziwa za kunja, koma mbiri yawo ikutsutsa zimenezo. Da pacem Domine anaiyamba patangopita masiku awiri mabomba ataphulika m'sitima za ku Madrid mu Malichi 2004. Mtolankhani wa ku Russia Anna Politkovskaya ataphedwa mu Okutobala 2006, iwo analengeza kuti nyimbo zawo zonse zoimbidwa mu 2006 ndi 2007 zikhale zomukumbukira. Symphony yachinayi ya mu 2008 anaipereka kwa a Mikhail Khodorkovsky, wamalonda wotsutsa boma amene nthawi imeneyo anali m'ndende ku Russia. Kunena zoona, symphony imeneyi sindiiwerengera pakati pa ntchito zawo zamphamvu, chifukwa imatalika kuposa zimene ili nazo, ndipo pamenepa odzudzula amene amati njirayi imatha kusanduka chizolowezi ali ndi mfundo. Adam's Lament, ya mawu a Silouan woyera, mmonke wa ku phiri la Athos ku Greece, imene chimbale chake chinapata mphoto ya Grammy mu 2014, inaonetsa kuti akapeza malemba owagwira mtima mphamvu ija imabwerera.

Malinga ndi kuwerengera kwa tsamba la pa intaneti la Bachtrack, kuyambira 2011 mpaka 2018 panalibe wopeka nyimbo za classical wamoyo amene nyimbo zake zinkaimbidwa kwambiri pa dziko lonse kuposa a Pärt. Kutchuka kotere kuli ndi mtengo wake. Opanga mafilimu akafuna kuti oonera agwetse misozi amangothamangira ku Spiegel im Spiegel, moti nyimboyi yatoperetsedwa, ndipo ambiri amaidziwa popanda kudziwa mwini wake. Koma sindingadzudzule aliyense wopeza chitonthozo m'nyimbozi, pakuti zinalembedwapo kuti m'zaka za m'ma 1980 ku America, odwala Edzi amene anali pafupi kutsirizika ankapempha owasamalira kuti awaikire gawo lachiwiri la Tabula Rasa mobwerezabwereza.

Cha m'ma 2010 a Pärt anabwerera kukakhazikika ku Estonia, ndipo mu 2018 nyumba ya Arvo Pärt Centre inatsegulidwa ku Laulasmaa, m'nkhalango ya mitengo ya paini pafupi ndi nyanja, makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Tallinn. Kumeneko n'kumene kukusungidwa zolemba zawo, kuphatikizapo makope aja a m'zaka za m'ma 1970. Mu Seputembala 2025 anakwanitsa zaka 90. Amene akufuna kuwamva bwino ndingawalangize kuti ayambe ndi Credo, kenaka Für Alina nthawi yomweyo, kuti amve kukula kwa mtunda umene uli pakati pa ziwirizi. Otsogolera makwaya amene akuopa kuti oimba awo sangapirire manotsi aataliatali a Magnificat angayese Bogoróditse Djévo, imene inalembedwera kwaya ya King's College ku Cambridge mu 1990. Imatha mphindi imodzi yokha, ndi yothamanga ndiponso yachisangalalo, koma imafuna kuti oimba aphunzire kutchula mawu a Chisilavo mofulumira ndi momveka, zimene zingawatengere masabata angapo.